Mbiri ya Aphunzitsi a Kanema m'Malawi

Munthu woyenda pa mseu waukulu wocokera ku Lilongwe kunka ku Blantyre, akapitirira Linthipe amayamba kukwera zitunda, ndipo mphepo imasanduka yozizira. Limeneli ndilo dziko la mapiri la Dedza, kumene alima mbatata ya kacewere ndi nyemba, ndi kumene nkhungu imaphimba midzi m'miyezi ya June ndi July. M'mapiri amenewa, ku Chongoni, ku Mphunzi, ku Namzeze ndi ku Chencherere, muli mapanga ndi matanthwe olembedwa zithunzi. Malo otere anawerengedwa napezeka 127, ndipo m'caka ca 2006 bungwe la UNESCO linawalemba m'kaundula wa cuma ca anthu a dziko lonse lapansi. Zithunzi zofiira zinalembedwa ndi Akafula, anthu osaka nyama amene anakhala kuno kale lomwe. Zoyera zinalembedwa ndi Acewa, ndipo zambiri za izo zinali za cinamwali, zina za Nyau.

Mlendo akaima patsogolo pa thanthwe lotere aona mizere, madontho ndi zinthu zonga nyama zotambalitsa miyendo, koma sadziwa cimene aona. Cithunzi sicilankhula cokha. Tanthauzo lace linali m'kamwa mwa namkungwi, amene anaima pambali pace, naloza ndi cala, nauza anamwali mwambo. Namkungwiyo anali wa pamudzi pomwepo. Anaphunzira kwa akulu ace, ndipo pokalamba anasiya wina wodziwa m'malo mwace.

Nkhani ino iri ya zithunzi za mtundu wina, zithunzi zoyenda, zimene anthu azicha kanema, ndipo akale anazicha baisikopo kapena cithunzithunzi. Nazonso zifuna munthu woima pambali. Koma m'dziko lino munthu ameneyo, kuyambira pa galimoto ya Boma kufikira m'sukulu ya ukacenjede, kawirikawiri wakhala mlendo kapena waganyu.

Oyamba Kuona Kanema

Anthu a dziko lino amene anayamba kuzolowera kanema sanamuonere kwao ai. Anamuonera kutali, m'makomboni a migodi ya ku Johannesburg, ya ku Southern Rhodesia ndi ya mkuwa ku Northern Rhodesia. Amuna ambiri a ku Dedza ndi ku Ntcheu anapita kumeneko kukafuna ndalama za msonkho ndi za nsalu, ena wapansi kudzera m'dziko la Apwitikizi, ena ndi Wenela, ndipo pambuyo pace ena ndi Mthandizi. M'zaka za m'ma 1920 mbusa wina wa ku America, dzina lace Ray Phillips, anayamba kutumiza mafilimu m'makomboni a ku Johannesburg, atayamba wadula mbali zimene anaganiza kuti zingaononge anthu. Eni migodi anakondwera nazo, popeza munthu woonera kanema madzulo sapita kumowa kapena kumsonkhano.

Anchitowo anakonda koposa mafilimu a amuna okwera pa akavalo, obvala zipewa zazikulu, omenyana ndi zibakera. Ngwazi ya m'filimu yotere, kaya dzina lace linali lotani, iwo anaicha Jack. Cingerezi ca m'filimu ambiri sanacimve, ndipo sanacisowe. Anapfuula, nacenjeza Jack za mdani wobisala kumbuyo kwace, nafotokozerana okhaokha. Panalibe mphunzitsi pamenepo. Ici ciyenera kukumbukika, cifukwa aphunzitsi oyamba anabwera ndi ganizo lakuti munthu wakuda sadziwa kuonera kanema.

Ulendo wa 1935

Bungwe la mamishoni lochedwa International Missionary Council linatuma J. Merle Davis kukaona makhalidwe a anthu ku migodi ya mkuwa. Iye anabwerako ndi nkhawa, poona kuti anyamata a kumigodi ndi makolo ao a kumidzi alikusiyana maganizo, ndipo anayesa kuti kanema akhoza kuthandiza. Ndalama zambiri zinacokera ku bungwe la Carnegie la ku New York. Nchitoyo inayamba m'caka ca 1935, ndipo inachedwa Bantu Educational Kinema Experiment, ndiko kunena kuyesa kuphunzitsa anthu ndi kanema. Dzina lomwelo linanena poyera kuti inali nchito yongoyesa.

Atsogoleri ace anali awiri. Major Leslie Notcutt anali kale woyang'anira minda ya khonje. Geoffrey Latham anali atakhalapo mkulu wa maphunziro a anthu akuda ku Northern Rhodesia. Anakhazika msasa wao ku Vugiri, m'mapiri a Usambara ku Tanganyika, napanga mafilimu 35 pa zaka ziwiri. Filimu ina inaphunzitsa kusunga ndalama ku Positi Ofesi, ina cifukwa cace ca msonkho, ina kasamalidwe ka zikopa, ina kukokoloka kwa nthaka, ina njoka za m'mimba. Mau sanali pa filimu iai. Anajambulidwa pa mbale za galamafoni m'zinenero zingapo, ndipo Cinyanja ndi Citumbuka zinali pakati pa izo. Poonetsa kunafunika kuti mbale iyambe pamodzi ndi cithunzi, cifukwa ikatsala m'mbuyo mau ofotokoza cinthu cimodzi amagwera pa cinzace.

Pa ulendo woyamba Latham anakweza makina pa lole, nayenda mamailo 9,000 m'maiko a Tanganyika, Northern Rhodesia, Nyasaland, Kenya ndi Uganda. Anaonetsa kanema nthawi 95, ndipo oonera anali ngati 80,000. Kuli konse anafunsa mabwana a Boma, amishoni ndi aphunzitsi cimene anthu anamva ndi cimene anaseka.

M'caka ca 1937 ndalama zinatha. Awiriwo anapempha maboma a maiko amenewa kuti apitirize nchitoyo, koma maboma anakana, ena nadandaula kuti mafilimuwo anali osaoneka bwino. Tsono analemba buku lochedwa The African and the Cinema, namanga katundu wao. M'Nyasaland sanasiye sukulu ya kanema kapena makina opangira filimu. Akulu anati mlendo ndi mame.

Galimoto ya Boma ndi Womasulira

Nkhondo yaciwiri itayamba m'caka ca 1939, Boma la Britain linakhazikitsa Colonial Film Unit ku London, kuti ipange mafilimu a anthu a m'maiko olamulidwa ndi Angerezi. Mkulu wace anali William Sellers, amene anagwirapo nchito ya zaumoyo ku Nigeria. Iye anaika malamulo a kapangidwe ka filimu ya munthu wakuda: kamera isagwedezeke, cithunzi ciri conse cikhalitse, anthu a m'nkhani akhale owerengeka, nkhani isalumphe masiku. Malamulowa anatsatidwa zaka zambiri. Kotero maphunziro oyamba a kanema m'maiko ano sanali akuti anthu akuda aphunzire kanema, koma akuti Azungu aphunzire maso a anthu akuda. Ndipo anawaphunzira molakwa, pakuti maso omwewo analikutsata Jack ndi kavalo wace wothamanga popanda bvuto.

M'caka ca 1948 kunabadwa Central African Film Unit, ya maiko atatu a Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland. Likulu lace linali ku Salisbury, mzinda umene lero uchedwa Harare. Mkulu wace anali Alan Izod, ndipo ojambula ace oyamba anali Stephen Peet ndi Louis Nell. Iwo anayenda m'midzi, nasankha anthu a pomwepo kuti asewere. Nkhani zao zambiri zinali za anthu awiri, wanzeru ndi wopusa. Wanzeru amvera mlangizi nakolola zambiri. Wopusa akana nagona ndi njala. The Two Farmers inali yotere. Mulenga Goes to Town inali ya mnyamata wa kumudzi amene apusitsidwa m'tauni nabwerera wopanda kanthu. The Wives of Nendi inali ya amai ophunzitsana ukhondo.

Mafilimu oyambawa anali okongola ndi mitundumitundu, koma analibe mau, cifukwa zinenero za maiko atatuwo zinali zambiri. Anafika kwa anthu pa magalimoto a Boma, amene anali owerengeka, kotero kuti mudzi umene unaona kanema caka cino sunadziwe tsiku lodzamuonanso. Galimoto ikafika masana, mfumu inauzidwa. Anchito anakunga nsalu yoyera, naliza injini ya magetsi, naimba nyimbo za pa galamafoni zoitanira anthu. Mdima utagwa, munthu mmodzi anaima pambali pa nsaluyo ndi cokuzira mau. Ameneyu ndiye womasulira.

Womasulirayu ayenera kuyesedwa mphunzitsi weniweni wa kanema wa masiku amenewo. Anapatsidwa pepala la mau oti anene, koma pepala silidziwa khamu. Khamu likayamba kusinza, iye anaponyamo mwambi. Likaseka pamalo posayenera kuseka, anayesa kulibweza, kapena anaseka nalo. Anadziwa nkhani imene amai amvera ndi imene amuna acokapo, ndiponso kuti munthu wopusa wa m'filimu kawirikawiri ndiye amene anthu anamkonda. Mabwana anadandaula kuti omasulira ena amaonjezera zao, ndipo bwana wosamva Cinyanja analibe njira yodziwira cimene cinanenedwa m'dzina la Boma. Nzeru yodziwa m'mene khamu limvera filimu, lero ophunzira amaikhalira m'kalasi ndi kuilembera mayeso. Koma womasulira anali wanchito wamng'ono, ndipo dzina lace silinalembedwe pa filimu.

Cimene cinaononga nchitoyi ndi malimidwe. Itapita njala ya 1949, Boma la Bwanamkubwa Geoffrey Colby linalimbitsa malamulo a kasamalidwe ka nthaka: kupanga mizere yopingasa, kuunda milambala, kuleka kulima m'mphepete mwa mitsinje ndi pa matsetse. Wolakwa analipitsidwa, mwina kumangidwa. M'dziko la mapiri ngati Dedza, kumene minda yambiri iri pamalo otsetsereka, malamulowa analemera ndithu. Zina za izo zinali zoona, pakuti nthaka inalikukokolokadi. Koma kanema wa madzulo ananena mau omwewo amene kapitao wa malimidwe ananena m'mawa ndi ciopsezo ca mlandu, ndipo anthu sanathe kusiyanitsa mphunzitsi ndi woweruza.

M'caka ca 1953 maiko atatu aja anamangidwa pamodzi m'Citaganya, anthu akuda alikukana. Inkosi Philip Gomani ya Angoni a ku Ntcheu, oyandikana ndi Dedza, inauza anthu ace kuti asamvere malamulo a malimidwe. Boma linaicotsa pa mpando; inathawira m'dziko la Apwitikizi pamodzi ndi mbusa Michael Scott, koma inabwezedwa, ndipo inamwalira m'caka ca 1954. Central African Film Unit inalowa m'manja mwa Boma la Citaganya, niyamba kupanga mafilimu a nkhani zotamanda Citaganyaco. Pofika masiku oopsa a March 1959 galimoto ya kanema inali itasanduka pakamwa pa Boma. Citaganya cinatha pa 31 December 1963, ndipo nyumba ya kanemayo inatha naco. Makamera ndi mafilimu anatsala ku Salisbury. Stephen Peet pambuyo pace anachuka ku BBC ndi mafilimu ochedwa Yesterday's Witness, ojambula okalamba a ku Britain alikusimba zimene anaona pa ubwana wao. Okalamba a ku Dedza analibe wowajambula cotero.

Ufulu ndi Lumo

Dziko linalandira ufulu pa 6 July 1964. Magalimoto a kanema sanaleke. A Ofesi ya Nkhani anajambula maulendo a Dr. H. Kamuzu Banda nawaonetsa m'maboma, ndipo a Zaulimi anayenda ndi magalimoto acikasu onyamula mafilimu ndi zidole zolankhula. M'caka ca 1968 kunaikidwa lamulo lokhazikitsa bungwe loyesa mabuku, nyimbo, masewero ndi mafilimu. Filimu iri yonse inayenera kupita kumeneko isanaonetsedwe, ndipo zambiri zinaturukako zodulidwa. Wailesi ya kanema munalibe m'dziko kufikira pa 1 April 1999, pamene maiko oyandikana nalo monga Zambia ndi Zimbabwe anali nayo kuyambira m'zaka za m'ma 1960. Mwana wobadwira kumudzi caka ca ufulu anakhoza kufika pa msinkhu wokwatira ataona kanema nthawi zowerengeka pa zala.

Sukulu ya Ukacenjede

Sukulu ya ukacenjede, imene ena aicha yunivesite, ndiyo sukulu yoposa zonse, kumene munthu alandira digiri. Ya dziko lino inakhazikitsidwa m'caka ca 1964, ndipo ophunzira oyamba analowa m'caka ca 1965 ku Chichiri mu Blantyre, mkulu wace ali Ian Michael. Chancellor College inasamukira ku Zomba m'caka ca 1973. Popeza Amalawi a madigiri anali ocepa, aphunzitsi ambiri a zaka zoyamba anacokera kunja, pa pangano la zaka ziwiri kapena zitatu. Cilolezo cao cokhalira m'dziko cinali m'manja mwa Boma, ndipo munthu anakhoza kuuzidwa kuti amange katundu asanatsirize teremu. Landeg White, mphunzitsi wa Cingerezi amene anafika m'caka ca 1969, anapitikitsidwa m'caka ca 1972. Aphunzitsi a kuno analibe kwao kwina kothawira: Jack Mapanje anagwidwa m'caka ca 1987 nakhala ku ndende ya Mikuyu kufikira 1991 popanda kuzengedwa mlandu.

M'nyumba yotere phunziro la kanema linali lobvuta kukhazika. Wophunzitsa buku afuna buku ndi nyali basi. Wophunzitsa kanema masiku amenewo anafuna makina oonetsera, magetsi, cipinda ca mdima, ndi filimu yobwereka kunja ndi ndalama zakunja, imenenso inayenera kupyola m'manja mwa bungwe la lumo lija. Ndipo panali cina coposa izi. Kuphunzira kanema sindiko kuonera kokha ai. Ndiko kufunsa kuti: kamera inaima pati, inaonetsa yani, inabisa yani, analipira ndani? M'dziko limene mafilimu opangidwa pomwepo anali pafupifupi onse a Boma, mafunso otere anali oopsa kwa wofunsa ndi kwa woyankha yemwe.

Cifukwa cace kanema sanapatsidwe mpando wacewace, koma analowa mobisala kumbuyo kwa zisudzo ndi mabuku. M'caka ca 1970 kunayamba gulu la zisudzo loyendayenda la Chancellor College, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kunatsegulidwa nthambi ya zaluso ndi zisudzo. Aphunzitsi ace, monga Chris Kamlongera ndi David Kerr, anatenga ophunzira kunka nao m'midzi, ku Mbalachanda ndi ku Liwonde, kukacita masewero a zaulimi ndi zaumoyo pamodzi ndi eni midzi. Anafuna kukonza colakwa ca galimoto yakale ija, imene inalankhula koma siinamve, pakuti m'sewero munthu wa m'khamu akhoza kuimirira natsutsa.

David Kerr anali Mngerezi amene anaphunzitsa m'Malawi, ku Zambia, m'Malawinso, ndi ku Botswana. Iye ndiye anafufuza mbiri ya kanema wa Atsamunda m'Nyasaland ndi Northern Rhodesia, ndipo nkhani yace inasindikizidwa m'caka ca 1993 m'magazini ya ku South Africa yochedwa Critical Arts. M'caka ca 2002 James Burns wa ku America anaturutsa buku lochedwa Flickering Shadows, lonena za kanema ndi oonera ace ku Southern Rhodesia. Pano mwambi wina uja ukwanira, wakuti mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Popanda anthu awa zambiri za m'mbiri iyi zikanaiwalika. Koma zolemba zao ziri m'Cingerezi, zinasindikizidwa kunja, ndipo mdzukulu wa womasulira uja sazipeza m'sitolo ya mabuku ya pa Dedza.

Asaganize wina kuti bvuto ili ndi la maiko osauka okha. Ku Britain komwe akulu a masukulu a ukacenjede anayesa kanema cinthu ca masewera, cosayenera digiri. Thorold Dickinson, amene anapanga filimu ya Men of Two Worlds ya 1946, ya nkhani yocitikira ku Tanganyika, anayamba kuphunzitsa kanema ku Slade School mu London m'caka ca 1960, nakhala profesa m'caka ca 1967. M'zaka za m'ma 1970 bungwe la British Film Institute linapeza njira yocenjera. Linauza masukulu kuti lidzalipira mphunzitsi wa kanema zaka zitatu, ndipo zikatha sukulu yokha imtenge. Cotero Robin Wood analowa ku Warwick m'caka ca 1973, ndipo masukulu a Keele ndi Essex anatsatira. Nayonso inali nchito ya kanthawi, koma inali ndi khomo lolowera ku nchito yokhazikika, ndipo khomolo linapanganidwa paciyambi. Pa nchito zonse za kanema zimene zinafika ku Nyasaland, panalibe imene inabwera ndi pangano lotere.

Mphunzitsi Waganyu

Kuyambira m'caka ca 1994, pamene dziko linabwerera ku zipani zambiri, zinthu zinasintha msanga. Mawailesi anaculuka, wailesi ya kanema inafika, makamera anatsika mtengo, ndipo lero foni ya m'thumba ijambula bwino koposa makina onse a pa lole ya Latham. Masukulu a ukacenjede nawonso anaculuka, a Boma, a mipingo ndi a anthu wamba. M'caka ca 2021 Yunivesite ya Malawi inagawidwa: Chancellor College inatsala ndi dzinalo, ndipo Polytechnic ya ku Blantyre inakhala yunivesite payokha. Acinyamata ambiri afuna kuphunzira utolankhani, zisudzo ndi kujambula, ndipo kanema apezeka pakati pa maphunziro amenewa.

Koma odziwa kuphunzitsa kanema ndi ocepa, ndipo sukulu siifulumira kulemba munthu nchito yokhazikika cifukwa ca phunziro limodzi. Njira yapafupi ndiyo kuitana munthu wogwira nchito ku wailesi ya kanema, kapena mwini kampani yaing'ono yojambula maukwati ndi malonda, kuti adzaphunzitse teremu imodzi, namlipira powerenga maora. Mcitidwe umenewu uli ponseponse, ku America ndi ku Britain komwe.

Mlimi wa ku Bembeke kapena kwa Kaphuka aumvetsa msanga, cifukwa ndiwo ganyu. Waganyu ayezeredwa ndime, alima, alandira zace, napita. Sasankha mbeu, safunsidwa za feteleza, ndipo tsiku lokumba mbatata iye ali m'munda wa wina. Momwemonso mphunzitsi waganyu alipidwa maora amene waima patsogolo pa ophunzira. Maora amene wakhala usiku kukonza phunziro, kapena kuonera katatu kafilimu ka wophunzira kuti apeze polakwika, kawirikawiri sawerengedwa. Alibe penshoni, mwina alibe ndi cipinda comwe cosungiramo mabuku, ndipo kuti ndalama zikwane aphunzitsa m'masukulu awiri kapena atatu. Teremu ikatha sadziwa ngati adzaitanidwanso.

Ubwino wace ulipo ndithu, ndipo suyenera kubisika. Munthu amene dzulo anali ndi kamera paphewa adziwa zinthu zimene wa m'mabuku sazidziwa: m'mene dzuwa la masana liwalitsira nkhope mopitirira, m'mene mphepo ya pa phiri iphera mau, m'mene apemphera cilolezo kwa mfumu asanajambule pamudzi. Ophunzira amkonda cifukwa ca izi. Koma ziripo nchito zimene waganyu sangazigwire ngakhale atafuna. Wophunzira kanema afuna diso limodzi lomtsata zaka zitatu kapena zinai, lodziwa pamene anayambira. Makamera ndi makompyuta afuna wowasamala. Ndipo kufufuza mbiri kufuna zaka. Ana amene anakhala pansi patsogolo pa nsalu yoyera ija m'zaka za m'ma 1950, amene atsala ndi moyo m'midzi ya kwa Kasumbu, kwa Kaphuka ndi kwa Kachere, lero ali okalamba a zaka zoposa 70. Iwo akumbukira nthabwala za womasulira ndi cimene makolo ao ananena pobwerera kunyumba. Munthu wolipidwa pa ora sangapite kukakhala nao mwezi wathunthu.

Nkosadabwitsa tsono kuti opanga mafilimu ochuka a dziko lino ambiri anadziphunzitsa okha. Shemu Joyah, amene nchito yace ndi yoyeza malo, anaturutsa Seasons of a Life m'caka ca 2008, The Last Fishing Boat m'caka ca 2012, ndi The Road to Sunrise m'caka ca 2017. Joyce Mhango Chavula anacokera ku zisudzo, ndipo filimu yace yochedwa Lilongwe inalandira mphotho ku Lagos m'caka ca 2016. Alendo nawo sanaleke kufika. Chiwetel Ejiofor wa ku Britain anajambula ku Kasungu filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, ya mbiri ya William Kamkwamba, imene inaturuka m'caka ca 2019 ndi mau ambiri a Cicewa. Atatsiriza, gulu lace linabwerera kwao ndi makina ace.

Womasulira yekha ndiye sanacoke. M'misika ya m'mbali mwa mseu, monga ku Linthipe, ku Chimbiya ndi ku Lizulu, nyumba zoonetsera vidiyo ziripobe, ngakhale mafoni alikuzilanda anthu. M'menemo aonetsa mafilimu a ku China, ku India, ku Nigeria ndi ku America, amene anyamata a m'matauni aikamo mau a Cicewa ndi kompyuta. Anyamatawa sasamala kwenikweni cimene mwini filimu ananena. Apatsa ngwazi dzina la kuno, achula misika yodziwika, aponyamo nthabwala, monga momwe anacitira wa pa galimoto ya Boma uja, koma popanda bwana woima kumbuyo. Ndipo ana okhala pa benci apfuula, nacenjeza ngwazi za mdani wobisala.

Za mafilimu akale aja, pa 35 a Notcutt ndi Latham atsala atatu okha, ndipo asungidwa ku British Film Institute mu London. Ambiri a Central African Film Unit ali ku National Archives ya ku Harare. Wophunzira wa kuno wofuna kuwaona ayenera kuturukira pa cipata ca Dedza, kulowa ku Mozambique pa Calomue, kuoloka Zambezi pa Tete, ndi kulowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda, njira imene macona ambiri anayenda wapansi.